Sutikesi Yabuluu ya Amayi

Sutikesi inali patebulo la Sajeni wa polisi itayasama, ndipo mkati mwake munali makatani akale onunkha chinyontho. Diresi la ukwati munalibe.

Kachete anaima pafupi ndi chitseko, manja kumbuyo. Dzinali analipeza kusukulu, chifukwa sankakweza dzanja ngakhale yankho akulidziwa, ndipo sukulu itatha linamutsatira mpaka kunyumba. Tsiku limeneli ankalakalaka akanabadwa wapakamwa ngati ana ena. Mawu anali nawo ambiri, koma onse ankathera pakhosi.

Amayi ake anali telala wa zovala zaukwati. Sabata siinkatha asanakwere basi kukasiya katundu kwa makasitomala akutali. Anali atakhala pampando, nsapato za paulendo zili kuphazi, ndipo chilowereni muofesimo sanamuyang'aneko mwana wawo.

"Yambaninso, mayi," anatero Sajeni, mzimayi wojintcha amene ankatafuna chivindikiro cha bolopeni. "Pang'onopang'ono. Khutu langa ndi limodzi, linalo lili patchuthi."

"Ndanena kale. Diresi ndinasita ndekha. Uyu ndiye analongedza, ndi ntchito yake. Anatseka, anakhoma loko. Dzulo ndakwera basi, ndafika, ndatsegula pamaso pa mkwatibwi ndi amayi ake, anthu adzaza pabalaza kudikira kuti aone. Makatani. Mukudziwa manyazi ake inu? Nsalu ija anagula okha, si yanga. Ukwati ndi Loweruka likubwerali."

"Nambala ya loko akuidziwa ndani?"

"Ine ndi uyu basi."

"Nanga bambo akunyumba?"

"Awo ayi. Anatenga sizasi yanga n'kukadulira waya. Chiyambire tsiku limenelo zinthu zanga ndimatseka."

Bambo a Kachete anali pabenchi yakukhoma, atavala ovolosi ya mafuta, chipewa chawo cha panjinga chili pambali pawo. Ankakonza njinga zamoto m'kagalaja kawo ka m'mbali mwa msewu. Anakhosomola pang'ono.

"Ine ntchito yanga ndi kunyamula, bwana. Njinga singatenge munthu ndi sutikesi nthawi imodzi. Ndiye ndimayamba kukasiya sutikesi kudepoti, kenako n'kubwerera kudzatenga mayi akewa. Masiku onse timatero."

"Inatseguka panjira?"

"Ndikanatsegula ndi chiyani, mano?"

Sajeni anaseka ndi mphuno. Anatseka sutikesi ija, n'kutenga bolopeni yake n'kuyesa kuibaya pakati pa zipi. Siinalowe. Anayesanso pakona, inakana.

"Zikwama zotchipa zimatseguka chonchi, wakuba n'kubwezeretsa zipi ngati sipanachitike kanthu. Zipi ya iyi ili ndi mano awiri, yakana. Loko naye sanathyoledwe. Mayi, mukutsimikiza kuti sutikesi ndi yanu?"

"Ndi yanga. Kansalu kachikasu aka pachogwirira ndinamanga ndekha. Ndipo yatseguka ndi nambala yanga. Ya munthu wina ingatseguke ndi nambala yanga?"

Apo m'pamene maso onse anatembenukira kuchitseko. Onse kupatula a amayi ake.

"Mtsikana, diresi lili kuti?"

"Ndinaikamo," anatero Kachete. Mawu anatuluka ang'onoang'ono, moti iye mwini anamva kuti akumveka ngati abodza.

"Anzake a pafoni aja," amayi ake anauza tebulo. "Tsiku lonse ali gwa pafoni. Wina wamunyengerera kuti abwereke akajambulitse, kapena agulitsa kale. Mwana wosalankhula sudziwa chomwe chili m'mutu mwake."

"Musiyeni mwana, zimachitika," anatero bambo ake, maso ali pa nsapato zawo.

Sajeni anachotsa bolopeni mkamwa. "Amayi a mkwatibwi andiimbira foni mpaka khutu latentha. Akufuna munthu m'chitokosi. Ndikapanda kupeza wina dzuwa lisanalowe, mwanawe, ugona kuno. Makolo, pitani kwanu. Iwe kwekweza sutikesiyo, unditsate."

*

Kudepoti kunali phokoso la mahutala ndi utsi. Wopakira katundu, amene onse ankamutchula Chimkono, anali atagona theka mkati mwa buti ya basi, miyendo ili panja. Anatuluka akupukuta thukuta ndi chipewa.

"Aboma, mwandipeza. Ngati ndi za nkhuku ija, inafa yokha."

"Za sutikesi iyi."

"Ya mayi telala? Ndimaidziwa ngati mlamu wanga. Imabwera sabata iliyonse, siipereka moni."

"Dzulo anabweretsa ndani?"

"Madala awo, panjinga. Anandipatsa m'manja, ine n'kuilowetsa kumapeto kwenikweni, kuseri kwa matumba a simenti. Amene akanafuna kuigwira akanayamba watsitsa simenti yense. Ndipo buti ndimakhoma ine, kiyi ali apa." Anamenya thumba la buluku. "Panjira sititsegula mbali imeneyo. Funsani adalaivala, ngakhale iwo ndi ine sitiyankhulana."

"Palibe chachilendo chimene unaona?"

Chimkono anakanda m'mutu. "Anachedwa basi. Masiku onse sutikesi imafika ine ndisanayambe kupakira. Dzulo ndinachita kutsitsanso matumba kuti ilowe pamalo pake. Ndinawafunsa kuti madala, lero bulangete linakoma? Iwo akuti njinga inavuta. Ndinaseka. Wokonza njinga, njinga yake kuvuta."

Sajeni sanaseke. Anali atagwada, akuzunguza teyala limodzi la sutikesi ndi chala.

"Sutikesi imeneyi ili ndi nthawi yaitali bwanji pakhomo panu?" Sajeni anamufunsa Kachete.

"Chaka chatha anagula."

"Ndipo amayenda nayo sabata ndi sabata."

"Eya."

"Mateyala a chikwama choyenda chonchi amadyeka, amakola ulusi ndi tsitsi. Awa akuoneka ngati abadwa dzana."

Kachete anayang'ana sutikesi ija. Panali chinthu chimene anachiona kupolisi kuja sutikesi itangotsegulidwa, koma anaopa kuchitchula, poganiza kuti amuseka kapena anena kuti akufuna pothawira.

"Choko," anatero.

"Chiyani?"

"Choko cha amayi cholembera nsalu. Chinaphwanyikira m'kathumba kamkati, chofiirira. Ndinachapa kangapo koma banga silinachoke. Umu mulibe."

Sajeni anatsegula kathumba kaja. Kanali koyera, kakununkha shopu.

"Ndipo iwe unaona zimenezi m'mawa muja?"

Kachete anagwedeza mutu movomera.

"N'kukhala chete, ine ndikukuuza za chitokosi." Sajeni anaimirira, mawondo akulira. "Ana inu mudzandipha ndisanapume pantchito. Amayi ako anagula kuti?"

*

Shopu ya zikwama inali pakati pa sitolo ya mankhwala ndi malo ometera. Zikwama zinali mbwee mpaka kudenga, zina zitapachikidwa pazingwe moti Sajeni analowa atawerama. Mwini wake, bambo wamfupi wa magalasi amene anthu ankamutchula a Mawilo, anawalandira ngati abwera kudzagula.

"Takulandirani, takulandirani. Mayi, inu ndikuonerani kale, ndinu woyenda. Musanyengedwe ndi mtundu. Chikwama mumayamba kuona pansi. Mateyala akhale omangidwa ndi zomangira zoti mutha kumasula, osati omatidwa, kuti likafa limodzi musinthe limodzi. Kenako chogwirira. Chikokeni chonse, muchigwedeze. Chikamalira ngati dzino logwedera, chisiyeni. Kenako zipi..."

"Bambo."

"Ndipo mkati mukhale malamba, katundu asamavine. Ndili ndi timatumba tolongedzera, malaya pawokha, nsapato pazokha, simufikanso ndi zovala zonunkha polishi..."

"Bambo, yang'anani malaya angawa, muone ngati ndabwera kudzagula."

A Mawilo anakweza magalasi. Anaona yunifolomu, anaona sutikesi, kumwetulira kunachepa.

"Katundu wanga yense ndi wa mapepala."

"Sindinafunse. Iyi inachoka muno?"

Anaizungulira, n'kuisisita pamsana ngati mbuzi. "Yanga iyi. Chigoba cholimba, mateyala anayi, zipi ya mano awiri. Mungaiponye kuchokera padenga la basi, mazira mkati osasweka. Chabwino, mazira mwina ayi."

"Loko wake mungatsegule?"

"Aa, zosavuta." Anazunguza tinambala titatu tija osaganiza n'komwe. Loko anati kete.

Kachete anayang'anitsitsa loko uja. Inali nambala ya amayi ake, imene ankainong'ona ngakhale ali awiri okha m'chipinda.

"Mwaidziwa bwanji?" anafunsa Sajeni.

"Ndimaika ndine. Onani, mayi, anthu amaiwala. Kale ndinkawasiya asankhe okha. Mawa lake uyo wabwera, a Mawilo sutikesi yakana, ndege ikundisiya, mwandigulitsa chinthu chakufa. Ena mpaka kubwera ndi achimwene awo. Ndinatopa. Tsopano ndimawaikira ndekha, ndipo ndimaika nambala ya pachitseko changa. Akaiwala, ndimangoti bwerani mudzawerenge pakhomo."

"Aliyense wogula muno ali ndi nambala imodzi."

"Ndimawauza kuti akasinthe kunyumba."

"Amasintha?"

A Mawilo anayang'ana kudenga. "Ndimawauza motsitsa, ngati chinsinsi. Kasitomala amakonda chinsinsi. Mwina ena amaganiza kuti ndi yawoyawo."

Sajeni anatseka maso kwa kanthawi. Kachete anaganiza za amayi ake akubisa loko ndi chikhatho potsegula, pamene nambala yomweyo inali italembedwa ndi penti pamsewu, aliyense wopita kukameta akuiwerenga. Zinali zoseketsa, koma sanathe kuseka.

"Zabuluu zotere munali nazo zingati?"

"Zinabwera ziwiri. Ina anatenga mayi wina telala chaka chatha. Ameneyo ndiye kasitomala. Anaikoka kuzungulira shopu yonse, anaikwera pamwamba, ananditsitsa mtengo mpaka ndinatsala pang'ono kulira. Inayo inakhala pashelefu mpaka sabata yatha."

"Anagula ndani?"

"Bambo wina. Ameneyo sanandisangalatse. Munthu wogula chikwama osayang'ana mateyala, osakoka chogwirira. Ndikuti bambo, taonani zipi, iye akuyang'ana kumsewu. Anangoti ndikufuna yabuluu ngati ija munagulitsa kwa telala. Ndinati pali yakuda yabwino kuposa iyi, akuti ayi, yabuluu. Ndinafunsa kuti mukupita kuti, akuti sindipita kulikonse. Mwamvapo? Sutikesi ya munthu wosapita kulikonse."

"Nkhope yake?"

"Sindinaione bwino, sanavule chipewa chake cha panjinga. Chofiira, chosweka pambali apa, anachimata ndi tepi yakuda. Zikhadabo zakuda ndi mafuta. Anandidetsera chogwirira, ndinachita kupukuta."

Tepi imeneyo anamata ndi Kachete. Bambo ake anagwira chipewa, iye akuzunguliza, tsiku lina Lamulungu pakhonde, akuseka kuti chipewa chavulala kuposa mwini wake.

Kachete anatuluka m'shopumo osatsanzika.

*

Sajeni anamupeza ataima pafupi ndi mtengo wa magetsi, akuyang'ana ngalande.

"Ukuchidziwa chipewacho."

Kachete anapitiriza kuyang'ana ngalande.

"Ine ndachidziwa kale, chinali pabenchi yanga m'mawa. Sindikufuna kuti undiuze. Ndikungofuna kudziwa ngati uli ndi mphamvu yopita nane, kapena ndikusiye kwa aneba."

"Mwina anagulira munthu wina."

"Mwina."

"Mwina amafuna kuwapatsa amayi ngati mphatso, ndiye zinasokonekera."

"Ndi makatani mkati, ndi kansalu kachikasu kosamuka kokha. Mwina." Sajeni anatulutsa foni. "Ndikuwaitana amayi ako atipeze kugalaja."

Njira yonse Kachete ankakoka sutikesi ija, ndipo inkayenda mofewa, mopanda phokoso, ngati ikumunyoza. Ankafunafuna chifukwa china chilichonse. Ankakumbukira bambo ake atakhala okha pakhonde masiku amene amayi ali kuulendo, akudya osalankhula, wailesi ikulira payokha. Ankakumbukira mikangano ya kuseri kwa chitseko, mawu akuti nyumba ino yasanduka depoti. Zonsezo ankazimva, ndipo monga mwa masiku onse, sankanena kanthu. Koma chimene chinkamuwawa sichinali diresi. Anali mawu aja a pabenchi, musiyeni mwana, zimachitika, onenedwa ndi munthu amene ankadziwa.

*

Galaja inali ya malata, yodzaza matayala akale ndi zitini za oyilo. Bambo ake anali atagwada pambali pa njinga ya kasitomala. Ataona Sajeni, mwana wawo ndi sutikesi, sipanala inaima m'mwamba. Amayi ake anafika nthawi yomweyo, akupuma mofulumira.

"Mwalipeza? Wanena kumene anakasiya?"

"Bambo," anatero Sajeni, "pali malo awiri oti ndiyang'ane, kuseri kwa matayala awo ndi pansi pa lona uyo. Msana wanga ndi wovuta. Ndithandizeni kusankha."

Bambo aja anayang'ana lona uja. Kenako anaika sipanala pansi bwinobwino, anapukuta manja pa ovolosi, n'kukavundukula lona. Sutikesi ina yabuluu inali pamenepo, yokalikakalika m'makona, teyala limodzi litakola ulusi woyera.

Amayi anayang'ana iyi, anayang'ana iyo. Anagwada n'kutsegula yakaleyo. Diresi linali momwemo, litakulungidwa m'pepala lofewa, malamba atamangidwa mopingasa monga momwe Kachete ankamangira.

"Sindinaligwire," anatero bambo. "Sindikanatha n'kutsegula komwe. Ndimati ndibweza ukwati ukadutsa."

"Ukadutsa," anabwereza amayi.

"Ndimati kasitomala mmodzi akakwiya, mbiri imveka, maulendowa achepa. Muzisokera anthu a konkuno. Ntchito ilipo konkuno, mayi ake. Ine ndimadzuka, mwapita. Ndikagona, simunabwere. Ndikalankhula mumati ndi nsanje. Ndinakwatira munthu ine, osati sutikesi."

"Ndiye mwaona kuti mundiphere dzina."

"Sindimadziwa kuti zifika kupolisi."

"Zaka zonsezi ndikusoka mpaka maso kuchita mdima, inu..."

Anayamba kukangana, mawu akale omwe aja, ongosintha malo. Kachete anaima pakati pa masutikesi awiri, akudikira kuti wina amutchule. Palibe anamutchula. Anyamata a galaja yoyandikana anayamba kusuzumira pampanda.

Sajeni anamenya lata ndi chikhatho. "Zokwanira. Mayi, katundu wapezeka. Amayi a mkwatibwi ndiwaimbira ndekha. Bambowa ndiwatenge, kapena?"

Amayi anayang'ana kumpanda kumene kunali mitu ya anthu. Anatsitsa mawu. "Ndi za m'banja izi. Tikakambirana kunyumba. Tingonena kuti zikwama zinasinthana kudepoti." Anatseka sutikesi yakale n'kuimiritsa. "Iwe, gwira uku. Basi yamasana ndiipeza ndikafulumira."

Kachete sanasunthe.

"Wamva? Gwira."

"Ayi."

Liwulo linatuluka lalikulu kuposa mmene ankafunira, moti mitu ya pampanda inasiya kunong'onezana. Ankafuna kuthawa, koma anali atayamba kale.

"Ababa, munali pabenchi paja. Munamva Sajeni akunena kuti ndigona m'chitokosi. Munamva. Munabwerera kuno kudzakonza njinga."

Bambo ake anatsegula pakamwa. "Ndikanabwera madzulo, mwanangu. Sindikanalola kuti..."

"Munanyamuka n'kundisiya." Kachete anatembenukira kwa amayi ake. "Amayi, munauza aneba onse m'mawa kuti ndine wakuba. Munauza azakhali pafoni, ndinamva. Tsopano mukuti zinasinthana kudepoti. Ababa mwawabisa. Ine simunandibise."

"Si nthawi yake ino, basi ikundisiya."

"Ikusiyeni."

Amayi ake anamuyang'ana, koyamba tsiku lonselo. Anamuyang'ana ngati munthu amene wamva mpando ukulankhula. Sajeni anabwezera bolopeni mkamwa n'kutsamira chitseko, osathandiza aliyense.

"Ukufuna chiyani?" anafunsa amayi, motsitsa.

"Munene kuti sindinabe."

"Aliyense waona kuti sunabe."

"Munene inuyo."

Kunja njinga inadutsa, kenako ina. Amayi anayang'ana diresi lotsekeredwa, anayang'ana msewu wopita kudepoti. Kenako anasiya chogwirira cha sutikesi, n'kupisa m'chikwama chawo cham'manja. Anatulutsa foni, anasakasaka dzina, n'kuikweza mawu kuti onse amve. Inaitana kangapo.

"Halo, achemwali? Mwamupeza nalo?" anatero mawu a azakhali.

Amayi anapuma mozama, maso ali pa mwana wawo.

"Ayi. Mwana sanabe. Ndinamunamizira ine. Uwauzenso onse amene wawauza."

"Nanga watenga ndani?"

Bambo a Kachete anakhala pa tayala, atagwira mutu. Amayi anawayang'ana. Anatambasula dzanja, n'kumupatsa Kachete foni ija kuti ayankhe yekha.